Kuika Sasipenshoni ya Crown Victoria pa Pikapu Yakale ya Ford F-100

Funso

Kalata iyi yachokera kwa bambo wina amene amakhala ndi kugwira ntchito ku United States, ndipo ikukhudza pikapu ya Ford F-100 ya chaka cha 1969 imene anagula kuti aikonze n'kumayendera masiku onse. Bambowa akunena kuti injini ndi bodi zili bwino, koma galimotoyo ikathamanga imapeperuka pamsewu, chiwongolero n'cholimba pokhota, matayala akutsogolo amadyeka mbali imodzi, ndipo mabuleki amachedwa kugwira. Anzawo awauza kuti mankhwala a mavuto onsewa ndi kuchotsa sasipenshoni yonse yakutsogolo n'kuikapo ya Ford Crown Victoria, imene imapezeka pamtengo wotsika m'malo ophwasulira magalimoto akale. Mafunso awo ndi atatu: ngati n'zoona kuti sasipenshoniyo imangomangidwa ndi mabawuti popanda ntchito ina, ngati galimoto yosinthidwa motero ingadaliridwe pamsewu waukulu, ndiponso ngati idzapitiriza kunyamula katundu monga kale.

Yankho

Ntchito imene bambowa akuganizira ndi yodziwika bwino pakati pa okonza magalimoto akale ku America, ndipo ikagwiridwa mosamala imasinthadi kayendedwe ka F-100, koma mawu akuti sasipenshoniyo imangomangidwa ndi mabawuti ndi oona pang'ono chabe. Chimene chimasamutsidwa kuchoka pa galimoto ina kupita pa inzake si zitsulo zokha ayi, koma miyeso ndi makona amene mainjiniya anawerengera kuti tayala liime, lipendeke ndi kukhota m'njira inayake, ndipo miyeso imeneyi ikasokonekera pomanga, zitsulo zabwino zimatulutsa galimoto yoopsa kuposa yakale ija. Yankho lonse lagona pa mfundo imeneyi.

Sasipenshoni ndi gulu la zipangizo zimene zimalumikiza matayala ku chasisi, chomwe ndi mafupa achitsulo amene bodi, injini ndi katundu zimakhalapo, ndipo ntchito yake ndi kulola matayala kukwera ndi kutsika potsata msewu kwinaku akugwirabe pansi. Mapikapu a F-100 opangidwa chisanafike chaka cha 1965 anali ndi ekiselo imodzi yolimba kutsogolo, yokhala pa masipuling'i a zitsulo zosanjikizana, moti tayala limodzi likagwa m'dzenje linzake linkapendeka nalo, monga zimachitikira anthu awiri akasenza thabwa limodzi wina n'kupunthwa. Mu 1965 kampani ya Ford inabweretsa dongosolo lotchedwa Twin I-Beam, limene lili pa galimoto ya 1969 ya bambowa. M'dongosololi tayala lililonse lili ndi chitsulo chakechake chachitali, chomangiriridwa mbali ina ya chasisi ndi kuwoloka kukagwira tayala la mbali inayo, pamwamba pake pali sipuling'i yopotana. Njira imeneyi ndi yolimba kwambiri ndipo imapirira misewu yoipa, koma popeza tayala limayenda mozungulira nsonga ya chitsulo chija, limapendekera mkati kapena kunja nthawi iliyonse imene galimoto yakwera kapena kutsika. Kupendeka kumeneku amisiri amakutcha camber, ndipo kukamasinthasintha, makamaka masipuling'i akafooka, tayala limadyeka m'mphepete.

Sasipenshoni ya Crown Victoria ndi ya mtundu umene amisiri amautcha independent front suspension, kutanthauza kuti tayala lililonse limayenda palokha popanda kukoka linzake. Tayala limagwidwa ndi mikono iwiri, wapamwamba waufupi ndi wapansi wautali, ndipo kusiyana kwa utali kumeneku kumachititsa kuti tayala likhalebe chilili pamsewu ngakhale bodi itapendeka pakona. Chiwongolero chake ndi cha rack and pinion, chimene chili ndi giya yaing'ono yozungulira yokankha chitsulo chamano chopingasa, moti dalaivala akatembenuza pang'ono matayala amamvera nthawi yomweyo, kusiyana ndi bokosi lakale lokhala ndi timikono tambiri timene tikatha timasiya mpata. Mabuleki ake ndi a disiki, amene amapana mbale yachitsulo mbali zonse ziwiri ndipo amazizira msanga kuposa a dilamu amene mapikapu ambiri a m'zaka za m'ma 1960 anatuluka nawo.

Magalimoto oyenera kutengako zipangizozi ndi opangidwa kuyambira 2003 mpaka 2011, chaka chimene fakitale ya St. Thomas m'chigawo cha Ontario ku Canada inasiya kuwapanga. Chifukwa chake n'chakuti mu 2003 Ford inakonzanso kunsi kwa galimotoyi n'kuika sasipenshoni yonse, chiwongolero ndi masipuling'i pa mtanda umodzi wa aluminiyamu wotchedwa crossmember, umene umamangidwa ku chasisi ndi mabawuti akuluakulu anayi ndipo umatha kumasulidwa wathunthu. Magalimoto a Crown Victoria a zaka zam'mbuyo alibe mtanda wotere, choncho sathandiza pa ntchitoyi. Mercury Grand Marquis ndi Lincoln Town Car a zaka zomwezo anamangidwa pa maziko amodzimodzi otchedwa Panther, ndipo nawonso angapereke mtandawo. Kutchuka kwa njirayi kunabwera chifukwa cha zinthu zitatu: magalimotowa anali ambirimbiri popeza apolisi ndi eni matakisi ankawagula kwambiri, mtanda wake umagwirizana ndi kutalikirana kwa zitsulo ziwiri za chasisi cha F-100, chimene ndi chotambalala mainchesi 34, ndipo unapangidwira galimoto yolemera yokhala ndi injini ya V8 ya malita 4.6. Mfundo yachitatuyi ndi yofunika poyerekeza ndi sasipenshoni ya Ford Mustang II ya 1974 mpaka 1978, imene okonza magalimoto akale anaigwiritsa ntchito kwa zaka zambiri, koma imene poyamba inapangidwira galimoto yaing'ono ndi yopepuka.

Posankha mtanda pamalo ophwasulira magalimoto, wogula ayenera kuona galimoto yonse isanaphwasulidwe ngati n'kotheka, chifukwa galimoto imene inagundidwa kutsogolo kapena kugunda mwala wa m'mphepete mwa msewu ingakhale ndi mtanda wopindika mosaoneka ndi maso. Aluminiyamu youmbidwa m'chikombole sipindika n'kubwerera ngati chitsulo wamba koma imang'aluka, ndipo mng'alu wake umabisala pansi pa mafuta ndi fumbi, n'chifukwa chake mtandawo uyenera kutsukidwa bwino n'kuunikidwa makamaka mozungulira mabowo a mabawuti ndi pamene pamagwira mikono. Mtanda wong'aluka suyenera kuwotchereredwa kapena kuwongoledwa, uyenera kusiyidwa. Pogula, ndi bwino kutenganso mabawuti ake, timipando togwira mikono yapansi kumbuyo, chitsulo choletsa kupendeka pakona chotchedwa sway bar, mapaipi a mafuta a chiwongolero ndi chidutswa cha shafuti ya chiwongolerocho. Popeza magalimoto ambiriwa anayenda mitunda italiitali pa ntchito ya upolisi kapena ya takisi, mabushi, mfundo zozungulira zotchedwa ball joint, mabering'i ndi ma shock absorber ziyenera kuwerengeredwa pa mtengo monga zinthu zofunika kugula zatsopano.

Gawo limene limasiyanitsa ntchito yabwino ndi yoipa ndi kuyeza, ndipo kuyezako kumayamba chilichonse chisanamasulidwe. Galimoto iimikidwe pamalo osalala ndi olingana, kenaka mmisiri alembe pa chasisi, mbali zonse ziwiri, mzere wosonyeza pakati penipeni pa matayala akutsogolo, ndipo atsitse chingwe chokhala ndi kachitsulo kolemera kuchokera pa mzerewo kuti alembenso malowo pansi pa simenti. Zizindikiro zimenezi n'zimene zimatsala pamene mtanda wakale, womwe unamangidwa ndi zikhomo zachitsulo zophwanyidwa mitu, wadulidwa ndi kuchotsedwa pamodzi ndi bokosi la chiwongolero. Asanadule mtanda wakalewo, mmisiri awotcherere zitsulo zongoyembekezera zopingasa kutsogolo ndi kumbuyo kwake, chifukwa chasisi chimene chasenza injini kwa zaka zoposa 50 chimatha kutseguka kapena kupotoka chikangomasulidwa. Mtanda watsopano ukaikidwa, muyeso utengedwe mopingasa, kuchokera pa bowo lodziwika la kumbuyo kumanzere kufika pa mtanda kumanja, ndi kuchokera kumbuyo kumanja kufika pa mtanda kumanzere, ndipo miyeso iwiriyi ikasiyana ndiye kuti mtanda wakhala mokhota. Galimoto ya mtanda wokhota imayenda chammbali ndi kukokera mbali imodzi, ndipo palibe makina olinganizira matayala amene angachotseretu vuto limeneli.

Chasisi cha F-100 chili ndi zitsulo zotseguka mbali yamkati, zooneka ngati chilembo cha C, pamene cha Crown Victoria n'chotsekeka ngati bokosi. Mabawuti akuluakulu akamangidwa pa chitsulo chotseguka amachifinya pang'onopang'ono, kenaka amakhwepa. Choncho pamalo pamene mtanda ukhale payenera kuwotchereredwa chitsulo chotseka mbali yotsegukayo, ndipo m'kati mwake muikidwe timapaipi tochindikala timene mabawuti amadutsamo, kuti mphamvu yomangira igwere pa timapaipito osati pa makoma a chasisi. Mabawutiwo amangidwe ndi sipanala yoyeza mphamvu potsata muyeso wa m'buku la kampani, osati mongoyerekeza ndi dzanja. Komanso aluminiyamu ikakhudzana ndi chitsulo pamalo a chinyezi, makamaka m'madera amene amathira mchere pamsewu nyengo yachisanu, imadyeka msanga, motero malo okhudzanawo apakidwe penti kapena mankhwala oteteza asanamangidwe.

Pali chinthu chimodzi chimene mtandawo subwera nacho chokonzeka, ndicho pogwira nsonga yakumbuyo ya mkono wapansi. Nsonga imeneyi imamangidwa ku chasisi chenichenicho, ndipo pa F-100 mmisiri amayenera kupanga kapena kugula kampando kake n'kukawotcherera. Malo a kampandoka, pamodzi ndi mmene mtanda wapendekera kutsogolo kapena kumbuyo, ndi zimene zimakhazikitsa kona yotchedwa caster, yomwe ndi kupendekera kumbuyo kwa mzere umene tayala limakhoterapo. Kona imeneyi ndi imene imabweza chiwongolero pakati galimoto ikamaliza kukhota ndi kuiyendetsa mowongoka pa liwiro lalikulu, moti ikachepa, kupeperuka kumene bambowa akudandaula nako kumabwereranso ngakhale zipangizo zili zatsopano. Chifukwa cha ichi, kupendeka kwa mtanda kuyezedwe galimoto ili pa msinkhu umene idzayendere, poganizira kutalika kwa kumbuyo, chifukwa pikapu yotukuka kumbuyo imaweramitsa chasisi chonse n'kudya gawo la kona ija. Ubwino wa mtanda wa Crown Victoria ndi wakuti rack and pinion imakhala pamalo amene fakitale inaikonzera, ndipo aliyense woganiza zoisuntha kuti apeze malo a injini adziwe kuti akuitana vuto lotchedwa bump steer, pamene matayala amakhota okha galimoto ikadumpha bampu dalaivala asanagwedeze chiwongolero.

Kuchokera pamenepa ntchitoyo imafalikira ku ziwalo zina, ndipo apa m'pamene ndalama zambiri zimathera. Mipando ya injini iyenera kupangidwa mwatsopano chifukwa yakale inachoka ndi mtanda wakale, ndipo beseni la oyilo pansi pa injini liyenera kukhala ndi mpata wokwanira pamwamba pa mtanda ndi chiwongolero. Shafuti yochokera pa chiwongolero cha m'kabini ilumikizidwe ku rack and pinion ndi mfundo zopindika zopangidwira ntchito imeneyi, zosapindika mopitirira ndiponso zosakhudza mapaipi a utsi, ndipo mfundo zikakhala zitatu pamafunika bering'i yogwira shafutiyo pakati. Pampu ya mafuta a chiwongolero ikhale yopereka mphamvu yogwirizana ndi rack and pinion, chifukwa ikapitirira, chiwongolero chimapepuka kwambiri moti dalaivala samva msewu m'manja.

Mabuleki amafuna chisamaliro chapadera. Silinda yaikulu imene phazi limakankha, yotchedwa master cylinder, ikakhala yopangidwira mabuleki a dilamu imasunga mphamvu pang'ono m'mapaipi, ndipo mphamvu yotsalayo imachititsa mabuleki a disiki kukhudza mbale nthawi zonse mpaka kutentha. Pamafunika silinda yopangidwira disiki, yokhala ndi zipinda ziwiri zosiyana kuti paipi imodzi ikaphulika matayala awiri atsale ndi buleki, pamodzi ndi chothandizira phazi chotchedwa booster ndi vavu yogawa mphamvu pakati pa kutsogolo ndi kumbuyo. Vavuyi ndi yofunika kwambiri pa pikapu, chifukwa kumbuyo kwake kumapepuka ikakhala yopanda katundu, ndipo matayala akumbuyo akayamba kukhwekhwereza akutsogolo asanatero, galimoto imatembenuka pamsewu.

Malimu akale sangabwererepo pa zifukwa zitatu. Choyamba, F-100 ili ndi mabawuti asanu pa bwalo la mamilimita 139.7, pamene Crown Victoria ili ndi asanu pa bwalo la mamilimita 114.3. Chachiwiri, mabuleki a Crown Victoria ndi aakulu ndipo amafuna limu la mainchesi osachepera 16. Chachitatu, sasipenshoniyi ndi yotambalala kuposa yakale, choncho pamafunika malimu amene malo ake omangira ali chakunja, kuti tayala lilowe m'kati mwa bodi ndipo lisakhule m'mphepete pokhota. Kutambalala kumeneku n'kumene kumachititsa kuti njirayi iyenerane bwino ndi mapikapu a 1965 mpaka 1979 koma ivute pa a 1953 mpaka 1956, amene bodi yake ndi yopapatiza kutsogolo. Kusiyana kwa mabawuti kumatanthauzanso kuti tayala lapadera limodzi silingakwane kutsogolo ndi kumbuyo komwe, n'chifukwa chake ambiri amaboolanso mashafuti akumbuyo kapena kuika ekiselo ya Ford Explorer ya mtundu wa 8.8, imene ili ndi bwalo la mamilimita 114.3.

Funso la katundu liyenera kuyankhidwa mosabisa. Mtanda wa Crown Victoria umatsitsa kutsogolo kwa F-100 ndi mainchesi angapo, ndipo kuti galimoto isaoneke yogwada ndiponso kuti makona aja akhale bwino, kumbuyo nako kumatsitsidwa. Kutsitsa kumbuyo kumachepetsa mpata pakati pa ekiselo ndi chasisi, mpata umene masipuling'i amafuna kuti asenze katundu, ndipo nthawi zina chasisi chimadulidwa pamwamba pa ekiselo n'kulimbitsidwa kuti mpatawo ubwerere. Zotsatira zake ndi galimoto yokoma pa msewu wa phula, yokhota bwino ndi yoima msanga, koma yosayenera misewu ya mabampu ndi miyala, ndiponso yosayenera kusenza mchenga, njerwa kapena kukoka ngolo yolemera. Ziwerengero za kulemera zimene Ford inalemba pa chitsulo cha pachitseko zinali za galimoto yosasinthidwa, ndipo sizingadaliridwenso chasisi chikadulidwa. Ngati katundu amene bambowa akunena ndi mipando ya m'nyumba, njinga kapena zogula za kumsika, palibe chodetsa nkhawa, koma ngati pikapuyo ndi yogwirira ntchito ya zomangamanga, kusinthaku kudzailanda chimene inapangidwira.

Pali njira ina yotsika mtengo imene iyenera kuganiziridwa kaye. Mavuto anayi amene alembedwa m'kalatayi amapezeka kwambiri pa Twin I-Beam yotha, osati pa Twin I-Beam iliyonse. Zikhomo zimene tayala limakhoterapo, zotchedwa kingpin, zikasinthidwa pamodzi ndi mabushi, masipuling'i, ma shock absorber ndi mfundo za chiwongolero, kupeperuka ndi kudyeka kwa matayala kumachepa kwambiri. Mabuleki a disiki a F-100 ya 1973 mpaka 1979 amatha kuikidwa pa pikapu ya 1969 popanda kudula chasisi, ndipo bokosi la chiwongolero chothandizidwa ndi pampu limachotsa kulimba pokhota. Njira imeneyi imasunga msinkhu wa galimoto, mphamvu yake yonyamula katundu, malimu ake ndi mtengo wake kwa ogula amene amafuna galimoto yakale yosasinthidwa, chinthu chimene sichibwerera chasisi chikadulidwa.

Pa nkhani ya malamulo, zigawo za United States zimasiyana pa kaunikidwe ka magalimoto osinthidwa, choncho mwini galimoto afunse ofesi yoona za magalimoto m'chigawo chake ntchito isanayambe, ndipo auze kampani ya inshuwalansi mwa kalata, chifukwa kusintha kwakukulu kumene sikunanenedwe kungabweretse mkangano pa nthawi ya ngozi. Zithunzi za gawo lililonse la ntchito, malisiti ndi pepala la makina olinganizira matayala zisungidwe pamodzi. Owerenga a m'mayiko amene magalimoto amayenda kumanzere kwa msewu, monga Malawi, Zambia, South Africa ndi Britain, adziwe kuti Crown Victoria inapangidwa ndi chiwongolero chakumanzere chokha, moti rack and pinion yake sigwirizana ndi F-100 ya chiwongolero chakumanja, ndipo kuitembenuza mwachisawawa kumaononga makona onse amene afotokozedwa pamwambapa. M'mayiko otere okonza magalimoto akale amakonda kuyang'ana ku Jaguar XJ6, imene inapangidwanso ndi chiwongolero chakumanja ndipo sasipenshoni yake yakutsogolo imamasuka yathunthu.

Malangizo kwa bambo amene alemba kalatayi ndi akuti ayambe apita ndi pikapuyo kwa makaniko wodziwa Twin I-Beam kuti aone zimene zatha ndi kuwerengera mtengo wozikonza, kenaka alembe mtengo wonse wa njira ya Crown Victoria, kuphatikizapo malimu, matayala, mabuleki, shafuti ya chiwongolero, mipando ya injini, ekiselo yakumbuyo ndi malipiro a wowotcherera waluso, osati mtengo wa mtanda wokha. Akaona kuti chimene akufuna ndi galimoto yoyendera pa phula masiku onse ndipo ndalama zikukwanira ntchito yonse, asinthe, koma kuwotcherera chasisi, chiwongolero ndi mabuleki azisiyire munthu amene anagwirapo ntchito yotere ndipo angaonetse galimoto imene anamaliza. Ntchito ikatha, matayala alinganizidwe pa makina, galimoto iyesedwe pa liwiro lochepa pamalo opanda anthu, mabuleki apondedwe mwamphamvu kangapo kuti zioneke ngati ikuima mowongoka, ndipo mabawuti onse a mtanda, mikono ndi chiwongolero ayezedwenso pakatha masiku oyamba oyenda, banja lisanakwezedwe m'galimotomo.